Digiri Yanga ya Wilibala

Lolemba, 14 Julaye

Mwera. Maboti onse ali kumtunda, mainjini atatu m'shedi mwanga. Mwana wanga Ajira waimba kuchokera ku Blantyre. Lachisanu akubwera kuno ku Monkey Bay ndi aphunzitsi ake, a Dokotala Fyness. A Dokotalawo akulemba buku la mbiri ya yunivesite, akufuna mawu a ophunzira akale. “Ndawauza za inu, Ababa, kuti uinjiniya ndinatengera inu.” Ine: chabwino, mwanangu. Sipanala n'kundigwera pachala.

Vuto ndi limodzi. Ku Poly, yunivesite yawoyo (anasintha dzina, koma lilime langa linakana), ndinakhalako miyezi isanu ndi iwiri, mu 1988. Ntchito: kukankha wilibala ya njerwa. Sukulu ndinalekezera Sitandade 6. Mainjini ndinaphunzira pomasula a eni ake n'kumatukwanidwa.

Lachiwiri, 15 Julaye

Bodzali linayamba laling'ono. Tsiku lofunsira mbeta, amalume ake a Esime, mkazi wangayu, anandifunsa za sukulu pamaso pa ankhoswe. Pakamwa panatuluka pokha: setifiketi ya ku Poly. Basi. Kenako yunivesite ikamakula, nalo linkakula. Iwo kumanga nyumba zosanja, asodzi kuno akuti dipuloma. Iwo kusintha dzina, ine ndapezeka ndi digiri. Kumzikiti ndine Che Injiniya. Ineyo, amene ndimadzitama kuti sindizungulira polankhula.

Lero ndakalipira Swadick, msodzi wa ku Nkope, pondinamiza kuti anathira oyilo mu injini. Ndamulalikira za chilungamo mpaka wapepesa. Ine!

Lachitatu, 16 Julaye

Ndinaganiza zothawira ku Katuli, ndizinamizira maliro. Koma aliyense amene ndikumudziwa kumeneko ali moyo, ndipo ndi wolongolola.

Ndaulula kwa Esime akusankha mpunga. Sanadzutse n'komwe mutu. “Ndinadziwa ukwati usanachitike. Amalume anafunsa dalaivala wa lole ya njerwayo.” Zaka makumi atatu ndi zinayi! Ndapsa mtima, ndamufunsa chimene anandibisira. Waseka mpaka mpunga kutayika. Kenako anasiya kuseka: “Koma Ajira sadziwa. Ameneyo ndi wanu.”

Lachisanu, 18 Julaye

Afika titangochoka ku mapemphero a Juma. Galimoto yoyera, ophunzira anayi, Ajira atavala ovolosi yolembedwa dzina la sukulu. Asodzi adzaza shedi kudzaonera Che Injiniya akujambulidwa. A Dokotala ayika foni pa daramu, akuti ndinalowa chaka chanji, anandiphunzitsa ndani.

Ndinali nditakonza mayina awiri achizungu. Nditayang'ana ovolosi ija, mayinawo anathawa onse.

Ndinati: Mayi, ine kalasi ndinkaionera pawindo. Ndinkakankha njerwa. Kapitawo wa kontilakita anandichotsa nditamuuza kuti chingwe chake chapendama, khoma likukhota.

Kenako Swadick, galu ameneyu: “Che Wilibala!” Shedi yonse kugwa ndi phwete. A Dokotala sanazimitse foni. Akuti m'buku lonse mulibe womanga ngakhale mmodzi, ndifotokoze khomalo. Ndafotokoza ola lathunthu, ine wake wa mawu ochepa.

Ajira sanaseke. Pokwera galimoto anatsanzika mayi ake okha.

Lamulungu, 20 Julaye

Foni zii. Ndamasula kabuleta imodzi katatu, ilibe vuto. Dzina latsopano lafika kale kumsika. Limenelo silikundipweteka. Ndimadziwa kukonza chinthu chimene chikulira. Chongokhala chete sindichitha.

Lachinayi, 24 Julaye

Uthenga pa WhatsApp. Wopanda moni. Chithunzi: khoma la njerwa zofiira, kumbuyo kwake nyumba zagalasi zimene sindinazionepo, dzanja la Ajira litagwira njerwa. Pansi pake: “Ndi ili?”

Ndakulitsa chithunzi ndi zala za girisi. Sindikulizindikira. Khoma ngati makoma onse. Kungolemba kuti eya, mwana asangalale, ndani angatsutse? Ndinalemba. Ndinafufuta. Ndinalembanso, ndi mbiri yake yomwe, mpaka tsiku limene tinalimaliza. Pakamwa pangapa sipanalape.

Ndafufutanso n'kutumiza: Sindikudziwa, mwanangu.

Wawerenga. Foni ikuonetsa: akulemba, wasiya, akulembanso.

“Ndiye mubwere mudzaloze nokha, Ababa. Makoma alipo ambiri, ine ndatopa.”

Minibasi ya Loweruka m'mawa. Esime akusita malaya oyera. Ndamuuza kuti asiye, wa wilibala savala zoyera. Akusitabe.