Mwamuna wa Utsi M'makutu

Nyimba

Mwana wanga Vitalis,

Uli bwanji ku Lusaka, iwe ndi mpongozi wanga Agness? Ife kuno tadzuka, bondo lokha ndilo likuvuta. Nthochi zapsa bwino ndipo mabasi akuima.

Dzulo ndinagula vitumbuwa pa siteshoni, anandikulungila m'pepala la magazini yakale ya azungu. Nditatambasula ndinaona chithunzi. Mwamuna wovala tayi wakumbatila kompyuta yaikulu ngati mng'oma wa njuchi, maso ali tong'o, utsi ukufuka m'makutu. Kumbuyo mkazi wake wanyamula sutikesi akutuluka, ndi galu yemwe akumutsatila. Mwamunayo akungoseka.

Ku kiliniki amapachika zithunzi zotele kuti tione zimene matenda amachita. Ndiye iwe umakhala pa kompyuta tsiku lonse.

Pepalalo ndinapita nalo kwa aphunzitsi a Mwanza. Anaseka mpaka kupukuta misozi. Akuti si chenjezo, ndi malonda a kalekale makompyuta atangobwela. Ankagulitsa pulogalamu, zija amaika mkati kuti makinawo agwile nchito, ndipo nthabwala yake ndi yakuti pulogalamuyo ndi yokoma mpaka munthu kuiwala banja.

Apa ndiye sindikumvetsa. Ine nditafika pa windo la basi n'kunena kuti nthochi zanga zimathetsa ukwati, angagule ndani? Aphunzitsi akuti anthu ankagula. Ankagula chifukwa aseka, kapena ena ankafunadi kuti mkazi achoke? Nanga utsiwo anaujambula bwanji osamuwotcha munthu? Undifotokozele.

Koma chandilembetsa si utsi. Pa Khilisimasi unabwela wekha, ndipo unkadya maso ali pa kompyuta yako ya m'chikwama. Ndikaimba foni umati Agness watuluka, kenaka wadula. Amene anajambula uja sanalote, anaziona pa munthu.

Chonde mwanawe, ngati Agness alipo, alembe yekha mawu pansi pa yankho lako. Dzanja lake ndimalidziwa. Ngati sutikesi inatuluka kale usandibisile, ndinyamuka ndi amalume ako a Josphat tikapepese kwawo ku Kalindawalo.

Pepalalo ndaika momwemu, usadabwe mafuta. Umuonetse Agness. Akaseka, ndiye kuti ndi nthabwaladi. Akakhala chete, zima makinawo umufunse.

Mulungu akusungeni nonse awili. Upeleke moni kwa mlongo wako Jessy.

Ndine mayi ako,
Olipa