Muyaya Wathu Unatha mu Disembala

Lolemba, 4 Malichi 1878

Ndinapita kwa a Pennock, eni malo, kukapereka lendi ya malo monga mwa nthawi zonse. Akana kulandira! Akuti pangano limene agogo anasaina pomanga nyumbayi linali la zaka 99, ndipo linatha mu Disembala.

Ine: "Koma bwana, si paja limati lidzawonjezedwa mpaka muyaya?"

Iwo: "Muyaya umenewo umachita kupempha, mayi, zaka zisanathe. Munapempha?"

Akanapempha ndani? Agogo anaola kalekale. Dothi ndi la a Pennock, sitikana, mzinda wa Baltimore wonse umakhala choncho. Koma njerwazi? Akuti njerwa zimatsata dothi. Tikhale titatuluka pofika pa 1 Epulo.

Lachiwiri, 5 Malichi

Atate sindinawauze. Maso anafa kale, chifuwa chikuwamaliza. Chipinda chimene agonamocho ndi chomwe anabadwiramo, ndiyambira pati ine?

Loweruka, 9 Malichi

Asa, mlongo wanga, wabwera kuchokera kudoko akununkha mowa. "Tikasuma, achemwali! Aona zakuda!" Iyeyu kusuma kwake n'kwa pakamwa basi.

Ndinawafotokozera mayi Kessel a khomo linalo tikukwecha masitepe. Pepani sananene n'komwe. Anangotaya burashi n'kuthamangira m'nyumba kukaona chaka pa pepala la pangano lawo. Ndinaseka, kenako misozi.

Lachitatu, 20 Malichi

Ndapeza chipinda chimodzi pamwamba pa shopu ya nsapato. Makwerero ake, mayo ine! Munthu wodwala n'kumukweza pamenepo?

Ndikulongedza mwakachetechete ngati mbava. Atate makutu ndi akuthwa: "Dorcas, mbale zikupita kuti?" Ndinati ndikupukuta kabati. "Pukuta, mwananga. Mukadzanditulutsa, miyendo idzatsogole, pakhomo lakutsogolo, ngati mmene anatulukira atate anga." Ndinathawira kukhitchini. Mtima ukundipweteka, ndipo a Pennock ndadana nawo, Mulungu akudziwa.

Lachiwiri, 26 Malichi

Atate sakudya. Ngolo yodzanyamula katundu ndapangana nayo kuti ibwere Loweruka.

Lachisanu, 29 Malichi

Atate atisiya m'mawa uno, pabedi pawo, akufunsa ngati zenera latsekulidwa. Sanadziwe kanthu.

Asa anagwada n'kumalira ngati mwana. Ine ndinawatseka maso, ndipo mawu oyamba kutuluka pakamwa panga anali akuti, "Zikomo, Ambuye." Asa anandimva. Mpaka pano sakundiyang'ana.