Maso Anga ndi Nsidze za Amayi

Lungwena,
Mangochi.

Okondedwa achimwene Ayub,

Asalamu alaikumu. Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, inu pamodzi ndi alamu anga a Rahma, ndiponso kuti chifuwa chimene munkadandaula chija chinatha. Kuno tilipo, alihamudulila. Mwera wavuta mwezi uno, usipa sukuoneka, ndiye pathandala poanikira palibe zambiri. Amayi m'thupi ali bwino, koma maso ndi omwe aja.

Mudabwa kuti ndalemba kalata pomwe timayankhulana pafoni sabata iliyonse. Pafoni ndimangoti chabwino, chabwino. Mawu anu akangomveka, anga amathawa. Ndiye ndapempha a Latif, amene akubwerera ku Durban Lolemba, kuti akupatseni pamanja. Chonde muwerenge mpaka kumapeto musanandiimbire.

Ndiyambe ndi bodza langa. Pepala la kuchipatala limene munandituma lija, loonetsa mmene maso anga alili, ndinakuuzani kuti silinatuluke. Ulendo woyamba ndinati adokotala kunalibe, wachiwiri ndinati galimoto inasowa. Zonsezo zinali zabodza. Pepalalo ndinalitenga Ramadani isanayambe, ndipo lakhala m'sutikesi pansi pa zovala za Idi miyezi itatu. Mundikhululukire.

Musaganize kuti sindikufuna kubwera. Tsiku limene munandiuza kuti kumeneko kuli dokotala amene amakonza maso ndi kuwala kotchedwa leza, kwa mphindi zochepa, munthu n'kutaya magalasi, ndinapita kuseri kwa nyumba kukalira ndi chimwemwe. Inu mukudziwa kuti bolodi ndinasiya kuliona ndili Sitandade 3.

Magalasi amene munanditumizira zaka zinayi zapitazo atopa ngati ine. Mwendo umodzi unathyoka, ndinaumanga ndi ulusi wa ukonde. Ndikamawamba nsomba amadzaza utsi ndi mafuta, ndikawapukuta amangowonjezera zokanda. Posamba kunyanja ndimawasiya pamwala, ndipo munthu akandipatsa moni ndimayankha kumene kwachokera mawu. Azakhali a Shakila mpaka lero amati ndine wonyada chifukwa ndinawadutsa pamsewu tsiku limene magalasi anali kokonzedwa. Amuna a padoko amanditcha aphunzitsi, ati aphunzitsi bwerani mutiwerengere usipa, pomwe akudziwa kuti ndinalekera Sitandade 6. Ndimangoyang'ana pansi. Zonsezi ndatopa nazo, achimwene.

Kuchipatala cha ku boma ndinapita ndi mafunso olemba pakapepala, chifukwa ndinkadziwa kuti ndikangokhala pampando ndiiwala. Adokotala a maso anali munthu wofatsa. Atandipima anawerenga kapepala kanga, n'kundiyankha limodzi limodzi.

Anati anthu ambiri amene amachititsa opaleshoni imeneyi amasangalala, ndipo kuchita khungu chifukwa cha iyo n'kosowa kwambiri. Koma anati kuwalako kumapala kachikopa koonekera ka kutsogolo kwa diso, ndipo chimene chapalidwa sichibwereranso. Anati maso amauma kwa miyezi, ena kupitirira, moti munthu amayenda ndi kabotolo ka mankhwala odonthezera. Masabata oyamba utsi, fumbi ndi madzi a kunyanja n'zoletsedwa. Ndinafuna kuwafunsa kuti ku Lungwena munthu angabisale kuti ku zitatu zimenezi, koma ndinachita manyazi.

Anatinso maso anga ndi ofooka kwambiri, ndiye kumeneko akhoza kukandipima n'kupeza kuti kachikopako n'kopyapyala, n'kundibweza osandikhudza. Kapena akhoza kuchita, ine n'kumafunabe magalasi opepuka. Ndipo china chikavuta nditabwerera kuno, amene anagwira ntchitoyo adzakhala kutali. Anati iwo sakundiletsa, komanso sakundikankha, maso ndi anga.

Funso lomaliza sindinalilembe, ndinalifunsa ndi pakamwa. Ndinawauza kuti ndikavula magalasi n'kubweretsa chinthu pafupi ndi mphuno, ndimaona tinthu timene anthu ena saona. Anaseka pang'ono, anati n'zoona, maso ngati anga ndi osauka kutali koma olemera pafupi. Ndinafunsa ngati zimenezi zidzatsala. Anati ayi. Kuwerenga ndi kusoka ndidzachita ngati munthu wina aliyense, koma kuona kwa pafupi kwambiri kuja kudzapita.

Apa ndi pamene pali nkhani, ndipo inu simuidziwa bwino chifukwa munachoka isanakule. Zikope za amayi zinapindikira m'kati, ndiye nsidze zimakanda diso nthawi iliyonse akaphethira. Iwo amati zimakhala ngati wina wawathira mchenga. Pakapita masiku atatu alionse, dzuwa likangokwera, timakhala pakhonde, iwo mutu pamiyendo panga. Ndimavula magalasi, ndimatenga kambaniro, n'kumazula nsidzezo imodzi imodzi.

Nsidze zazikulu aliyense akhoza kuziona. Koma pali tina tating'ono, toyera, toonda kuposa ulusi wa kangaude, ndipo timeneti ndi timene timapweteka kwambiri. Nthawi imene ndinagona ndi malungo, azakhali anayesa. Zina anaziduladula pakati, tating'onoto sanatione n'komwe. Amayi anakhala masiku anayi m'nyumba atatsinzina, misozi ikungotsika, mpaka ine ndinadzuka ndi mutu wanga wowawa n'kukhala nawo pakhonde.

Adokotala anati kuli galasi lokulitsa zinthu. Koma dzanja limodzi limagwira chikope, lina kambaniro, lachitatu ndilibe.

Ndinene ndi ichi, ngakhale chikundichititsa manyazi. Azimayi amabwera ndi ana a matekenya kumapazi, asodzi amabwera ndi minga ya nsomba m'zala. Nthawi imeneyo palibe amene amati aphunzitsi. Amati itanani Subira. Pamudzi pano ndi chinthu chokhacho chimene anthu amandiitanira ndi dzina langa.

Amayi nditawauza za ulendo wa ku Durban, anati ndipite, iwo dziko analiona kale mokwanira, ine sindinaliyambe. Anati mwina mwamuna akhoza kupezeka ndikasiya kuyang'ana anthu ngati kadzidzi. Anaseka, inenso ndinaseka. Tsiku lomwelo masana anandiitana kuti ndiwaonere diso la kumanzere.

Koma pali mawu ena a adokotala amene akundilemera kuposa onse. Nditawafotokozera za amayi, anasiya kuseka. Anati kuzula si kuchiza. Nsidze zikamera zimakanda ndisanazizule, ndipo kukanda kulikonse kumasiya kachipsera, mpaka diso limayera, munthu osaonanso, ndipo pamenepo palibe chobweza. Anati pali opaleshoni yaing'ono yotembenuza chikope, imachitika konkuno, yaulere, ndipo munthu amabwerera kwawo tsiku lomwelo.

Ndinawauza kuti amayi anakana kawiri, amati zikope zawo palibe adzazicheke, adzapita nazo kumanda mmene anapatsidwira. Adokotala anandiyang'ana, n'kundifunsa kuti nanga angabwere chifukwa chiyani pomwe ali ndi ine.

Achimwene, funso limeneli ndayenda nalo miyezi itatu. Ndikapita ku Durban, amayi akhala masabata opanda wowazula, ndipo ndikabwerera sindidzathanso kuwazula bwino. Ndikakhala, ndiye kuti ndikuwathandiza kuchita khungu pang'onopang'ono, ndi manja anga omwe, iwo akundithokoza. Ndaganiza mpaka mutu wanga wafika pokana.

Ndipo si amayi okha. Inenso ndili ndi mantha. Akuti pa opaleshoni ya leza ija munthu sagonekedwa, amakhala maso, akuyang'ana kuwalako. Mwina ndakhala ndikubisala kuseri kwa nsidze za amayi monga mmene iwo akubisalira kuseri kwa manja anga. Tonse awiri taopa, ndipo tasungana bwino m'mantha athuwo.

Dzulo ndinalimba mtima. Mutu wa amayi uli pamiyendo panga, pamene sakanatha kudzuka n'kuchokapo, ndinawauza zonse zimene adokotala ananena. Ndinati ine sindikwera basi ya ku Durban iwo asanapite kuchipatala. Ndinatinso m'diso la kumanzere mwayamba kale kadontho koyera, ndipo ndine ndekha amene ndakaona.

Amayi anamvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anati ndatengera makani a malemu bambo, ndipo ndikadakhala wolankhula chonchi masiku onse bwenzi atandikwatitsa kale kuti apume. Ndinapitiriza kuzula. Nditamaliza anandifunsa ngati kuchipatalako amagoneka munthu. Ndinati ayi, amangochititsa dzanzi chikope chokha. Anafunsa ngati ndidzaloledwa kukhala pafupi. Ndinati ndidzapempha. Pomaliza anati ngati zili choncho, Ayub anene yekha ndi pakamwa pake.

Ndiye pempho langa ndi ili. Tikiti musagule. Ndinu mwini mbumba, ndipo amayi akhoza kukana ine, kukana azakhali, koma inu sanakukaneniponso. Muwaimbire Lachisanu mukatuluka kumzikiti. Musawafunse ngati akufuna. Muwalankhule mmene mumandilankhulira ine, mawu omwe aja amene amandisowetsa poyankha. Ine ndiwaperekeza, ndiwasamalira mpaka zikope zipole.

Pepala lija ndaliika m'kati mwa kalatayi. Mukalionetse kwa dokotala wanuyo, ndipo mukamufunse ngati anachitapo opaleshoni munthu amene amakhala mu utsi tsiku lililonse, komanso kuti zinamuthera bwanji. Mundiuze mmene wayankhira, osakongoletsa. Pakadali pano, ngati mungathe, munditumizire magalasi ena a miyendo yolimba. Ulusi wa ukonde ukundicheka kukhutu.

Sindikukana chifundo chanu. Ndikufuna kudzaona nkhope ya munthu ali tsidya la msewu, ndimupatse moni ndisanapatsidwe. Koma sindikulonjeza kuti ndidzavomera. Amayi akachira, kambaniro nditakaika m'sutikesi pamene panali pepala, mudzandifunsenso. Koma musadzandifunse pafoni, chifukwa ndidzangoti chabwino. Mudzandilembere, ndipo ndidzakuyankhani zoona.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Rahma, muwauze kuti mpango ananditumizira uja ndimavala pa Ijumaa pokha, popita kumzikiti Lachisanu, kuti usathe msanga. Moni kwa onse a kwathu amene mumakumana nawo kumeneko. Amayi akupereka moni, azakhalinso, ngakhale sakudziwa kuti ndawatchula. Allah akusungeni pantchito ndi panjira, ndipo akupatseni mtima wondimvetsa.

Ndine mlongo wanu,
Subira