A Mapiko Atisiya Gulugufe Wachilendo Ali mu Msampha

Kwa mayi a kunyumba, ana, abale ndi onse omva uthengawu,

Ife a dipatimenti ya maphunziro a tizilombo pa yunivesite ino tadzidzimuka ndiponso tasweka mtima ndi imfa ya mphunzitsi wathu wamkulu, amene ophunzira anawatcha a Mapiko, poti aliyense wobwera ndi kachilombo kosadziwika ankayamba amufunsa kuti, "Wayang'ana mapiko?"

Kwa zaka makumi atatu ndi ziwiri malemuwa anasula akatswiri ambiri, anadzaza makabati khumi ndi anayi ndi tizilombo tobayidwa pa mapini, kalikonse ndi kapepala kake, ndipo m'mawa uliwonse ankatsegula msampha wa kuseri kwa labotale n'kuwerenga agulugufe ogwidwamo. Kawiri konse anachenjeza alimi za ntchemberezandonda mazira asanaswe, minda n'kupulumuka. Enafe tinkawaseka kuti akalambira pa msampha, ndipo lero manyazi atigwira.

Sitibisa mawu, chisoni chathu chasakanikirana ndi mantha. Lachiwiri lapitali ine ndemwe ndinawatengera kuchipatala gulugufe wotuwa ali m'botolo, amene tonse tinamusaka m'mabuku osamupeza. Anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Ameneyu si wa kuno," anatero. "Ndinamuonapo kamodzi kunja, ndinalemba zonse m'kope lobiriwira, lili kunyumba. Mwagwira angati?"

"Atatu okha," ndinayankha.

"Akapitirira makumi awiri, musachite kuitanitsa msonkhano ayi. Kauzeni alimi."

Asanatchule mbewu imene mbozi zake zimadya, chifuwa chinawatsamwitsa ndipo anamwino ananditulutsa. Sanalankhulenso. M'mawa wa lero tawerenga agulugufe otere mazana atatu ndi khumi, koma chokawauza alimi tilibe.

M'malo mwa aphunzitsi, ophunzira ndi ogwira ntchito onse, ndikupereka chipepeso chochokera pansi pa mtima kwa inu mayi ndi banja lonse, ndipo tikupempha Mulungu kuti akulimbitseni ndi kukupukutani misozi pa nthawi yowawitsayi. Tikudziwa kuti kugogoda pa nyumba ya maliro ndi pempho m'kamwa n'kusowa ulemu, ndiye mutikhululukire. Tibwera masana ano kudzakhuza, koma tidzapemphanso kuti mutitsegulire chipinda chawo chowerengera tifunefune kope lija. Mbewu zamera kale m'minda, mayi, ndipo mazira sadikira kuti maliro athe.

Ndine wolira nanu,
Mkulu wa Dipatimenti