Za Moto Umene Unaoneka mu Injini ya Dr. Reents

Komiti Yoyang'anira Zoyesa Injini
Tsiku: 11 Febuluwale 2019
Malo: Chipinda chapamwamba, pamalo oyesera injini a Moorhagen
Opezekapo: Dr. Ilse Brodersen (wapampando), Dr. Ottmar Reents, Dr. Wiebke Tjaden, Hauke Dierks (mlembi)
Opepesa: Bambo Sönke Lüth (chimfine, akutero)

1. Kutsegulira
Wapampando anakumbutsa kuti kwatsala kuyesa kumodzi kokha ngalande ya mphepo yoyeseramo injini isanatsekedwe kuti ikonzedwe. Ikamadzatsegulidwa, Dr. Reents adzakhala atapuma pantchito.

2. Moto wa mwezi watha
Dr. Reents anati muuni wawo wa plazima, chida chamagetsi choyatsira moto mu injini chimene chawameretsa imvi, unayatsa mafuta mumphepo yothamanga kuposa liwu, ndipo zithunzi ndi mboni.

Dr. Tjaden, amene anaphunzitsidwa ndi iwo omwewo, anati kuwala kwa pazithunzizo n'kobiriwira. Mwina chimene chinkapsa ndi mkuwa wa kunsonga kwa muuni, osati mafuta, poti mkuwa ukamapsa umawala mobiriwira.

Dr. Reents anati, "Iwe Wiebke, keke yokondwerera motowo unadya nawo. Kubiriwirako sunakuone tsiku limenelo?"

Dr. Tjaden anati, "Ndinakuona, aphunzitsi. N'chifukwa chake inkakana kutsika kukhosi."

Palibe anaseka. Mlembi, amene anachita kubwereza kekeyo, anamva chisoni.

3. Kuyesa kotsalako
Panali njira ziwiri: kubwereza monga kale, kapena kuyatsa muuni wokha mafuta atatsekedwa. Kuwala kukaonekanso popanda mafuta, ndiye kuti moto kunalibe.

Wapampando anati komiti ikhoza kungobwereza, akuluwa apume ndi ulemu wawo. Dr. Reents anapukuta magalasi. Kenako anati, "Ulemu wanji, Ilse? Ndichoke pano osadziwa, ndizikafunsa mbatata zanga kumunda? Tsekani mafutawo."

Onse anagwirizana nazo.

4. Zina ndi zina
Dr. Reents anapempha kuti mafutawo adzatseke okha ndi dzanja lawo. Anapemphanso kuti zikadzapezeka kuti moto kunalibe, muuni usatayidwe koma upatsidwe kwa Dr. Tjaden. Anati, "Ali ndi maso ameneyu. Wodzauyatsa motowo ndi iyeyu."

Dr. Tjaden anapempha kutuluka kaye, ndipo wapampando analola.

5. Kutseka
Msonkhano wotsatira udzakhala pa 11 Malichi. Wapampando anatseka nthawi ya 10:40 m'mawa, Dr. Tjaden asanabwerere.

Wapampando: I. Brodersen
Mlembi: H. Dierks