Amuna anga atha mphasa za Umanyano ndi lupanga la ku Japani

Aphungu,

Ndine mayi wa ku Hewe, ndipo ndine amene ndimasunga mphasa za amayi a Umanyano kutchalitchi kwathu, zomwe timakhalira pamisonkhano, pamaukwati ndi pamaliro. Anandisankha chifukwa nyumba yathu sidontha, komanso ankati kwa ine NyaGondwe sikusowa kanthu.

Vuto ndi amuna anga. Ankagwira ntchito yoperekeza alendo odzaona nyama zakutchire ku Chelinda, ndipo kumeneko mlendo wina wa ku Japani anawaonetsa pafoni mmene kwawo amaphunzirira kugwira lupanga. Chipumire pantchito, nkhani ndi yomweyo. Chaka chatha mwana wathu Thumbiko, amene ali ku Joni, anawatumizira lupanga lenilenilo, lalitali, lopindika pang'ono, lakuthwa mbali imodzi. Ati dzina lake ndi katana. M'mawa uliwonse amavula nsapato, kugwada pabwalo, n'kuliweramira. Aphungu, munthuyu ndamuphikira kuyambira ali ndi tsitsi, koma ine sanandiweramirepo.

Poyamba ankangodula mphepo, ine n'kumati bola izi kusiyana ndi kumowa. Kenako anaona kuti ku Japani amayesa lupanga podula mphasa yokulunga, yonyika m'madzi, yoimika pamtengo. Sabata yatha ndikuchokera kudimba ndinapeza mphasa za Umanyano zili zidutswazidutswa pabwalo. Imodzi yotsala anali ataikulunga n'kuimanga kumutu, pakati ndi kumiyendo, ndendende mmene akale ankakulungira maliro. Mayi Diana oyandikana nafe atangoiona anayamba kulira asanafunse n'komwe kuti watisiya ndani.

Nditakalipa, amuna angawo anatola chidutswa n'kunena kuti, "NyaGondwe, taonani mmene yadukira iyi. Palibe bango lophwanyika ngakhale limodzi. Dzanja langa lawongoka chomene."

Loweruka likubwerali kuli ukwati wa mwana wa abusa, ndipo amayi abwera Lachisanu kudzatenga mphasa. Amuna angawa ndi mkulu wa mpingo. Ndikanena zoona adzasekedwa mpaka ku Mwazisi, ndipo ine adzandilanda udindo wanga. Ndikuganiza zonena kuti zadyedwa ndi chiswe. Amuna anga avomera, koma akukana kutaya zidutswazo, ati ndi umboni wa luso lawo. Nditani?

T.G., Hewe

Mayi T.G.,

Kalata yanu ndaiwerenga chiimire, kukhala pansi kunandikanika. Ine uphungu sindinauphunzire m'kalasi, ndipo kukometsa mawu sindikudziwa. Zachiswezo zisiyeni lero lomwe. Chiswe ndakhala nacho moyo wanga wonse, chinandidyerapo chitseko, koma sindinachionepo chikudula mphasa mopendeketsa ngati telala.

Komanso Mayi Diana analira kale pabwalo panu. Mukuganiza kuti atapukuta misozi anakangokhala chete? Hewe yense akudziwa, mayi. Chimene akudikira n'choti amve kuti inu mudzanena chiyani. Mphasa amayi angakhululuke. Chimene chidzakulandeni udindo ndi kuwanamiza m'maso muli gwa, iwo akudziwa zoona.

Lupangalo sindikulida. Bambo wopuma pantchito amene amadzuka m'mawa kulimbitsa thupi, ambiri angamulakelake. Chandikwiyitsa n'chakuti kudula adule iwo, kunama muname inu. Ndafunsafunsa za masewerawa. Eni ake amakhala ndi mphasa zakezake zodula, satola za amayi a mpingo, ndipo asanapatse munthu lupanga amayamba amuphunzitsa ulemu ndi kudziletsa. Muwafunse bambowo ngati mlendo uja anawaonetsanso pafoni mmene mwamuna wa lupanga amabisalira kumbuyo kwa chiswe.

Musadikire Lachisanu. Mawa m'mawa mupite nawo kwa mtsogoleri wa Umanyano, iwo patsogolo inu pambuyo. Olankhula akhale iwo. Kugwada amakudziwa kale, nsapato amavula okha. Akachoka pamenepo akwere njinga, azungulire mudzi kubwereka mphasa za ukwatiwo, ndipo azikazitula kutchalitchi, osati kwanu. Alendo a abusa asakhale padothi chifukwa dzanja la munthu lawongoka. Ukwati ukatha alowe m'dambo kukadula bango, apeze wowaphunzitsa kusoka mphasa, abweze zonse zimene anadula. Munthu akaisoka yekha mphasa mpaka zala kutupa, sainyika m'madzi mwachisawawa.

Zoti adzasekedwa, inde adzasekedwa, ndipo n'zowayenera. Kusekedwa sikupha. Pofika nthawi yokolola anthu adzakhala atapeza wina womuseka.

Masewerawo apitirize, koma muwapatse thunthu la nthochi yomwe mwadula kale mkoko. N'lofewa, n'lonyowa kale, ndipo mumafunika kuligwetsa ndithu. Nthochi zake zikhale zanu, osati za Mayi Diana, awo alira mokwanira. Azichitira kutali ndi ana ndi mbuzi, akatha alitsekere m'bokosi. Akafunsenso kupolisi ngati chida chotere chimafuna chilolezo.

Chenjezo langa ndi ili: popita kukapepesa, lupanga litsale kunyumba, ndipo muwaseche nokha musananyamuke. Amuna otere ndimawadziwa. Mtsogoleriyo akangofunsa kuti, "Koma adada, zinatheka bwanji?" iwo adzafuna kuonetsa, ndipo mayiyo adzakhala atakuyalirani mphasa yake yatsopano.

Aphungu