Mankhwala a Fodya M'chimanga cha Amalume

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Nsaru tilipo, koma amayi m'mimba mukuwavuta.

Ndinatapako chimanga chomwe amalume anawapatsa n'kukachiyeza ku labu kwathu. Makina athu masiku ano amatchula okha dzina la mankhwala, ntchito yomwe ine ndinaikhetsera thukuta zaka zinayi ku yunivesite. Akuti muli mankhwala opopera fodya! Ndinawakayikira, ndipo ndinabwereza kawiri, ndikufananitsa mizere yomwe makinawo anajambula ndi maso angawa. Yankho linali lomwelo.

Nditawafunsa amalume, anangoti, "Iwe Tiyamike, anankafumbwe afa kapena sanafe?"

Chonde aimbireni foni, inu amakumverani. Ine ndi digiri yangayi akuti ndidakali mwana. Matumba a chimangacho ndawatsekera kuchipinda kwanga, makiyi ndikuyenda nawo.

Mulungu akusungeni.

Ndine mlongo wanu,
Tiyamike